Makutu asanu ndi limodzi ndi mamita 10 a faiba: momwe mungachititsire laser kuphethira yokha

Anthu ambiri akamanga laser ya faiba koyamba amatha masiku akupotokola makutu a polarization controller (timbale tokulungidwa faiba tosinthira kagwedezeke ka kuwala) uku ndi uku, kudikira kuti mwayi uwagwere. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ntchitoyi si ya mwayi. Pali malo amodzi amene mukusaka, ndipo mukadziwa maonekedwe ake, manja anu amasiya kungoyendayenda.

Chimene tikumanga ndi mkombero wa faiba wotalika pafupifupi mamita 10, momwe muli kachidutswa ka faiba yothiridwa erbium, mtundu wina wa chitsulo. Kachidutswako kakalandira kuwala kwa 980 nm kuchokera ku pampu (laser yaing'ono yopereka mphamvu), kamatulutsa kuwala kwa 1550 nm, komwe kamazungulira mumkomberomo ka 20 miliyoni pa sekondi imodzi. Mukaisiya yokha, laser yotere imangowala mosalekeza ngati tochi. Ife tikufuna kuti mphamvu yonseyo iunjikane mu pulse imodzi yokha, kuthwanima kwakufupi kotenga theka la picosecond (picosecond ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka miliyoni miliyoni). M'kati mwa galasi, pulse yotere ndi yotalika 0.1 mm basi, kusiyana pang'ono ndi kunenepa kwa faiba imene ikuyendamoyo. Njira yake imatchedwa nonlinear polarization rotation, ndipo magulu awiri, la ku yunivesite ya Southampton ndi la ku MIT, anaionetsa pa laser za erbium m'chaka cha 1992.

Choyamba: dziwani khomo limene mukumanga

Mangani chingwe pamtengo, mugwire nsonga inayo n'kumagwedeza. Mukhoza kugwedeza m'mwamba ndi pansi, kapena kumanja ndi kumanzere, kapenanso kuzunguza dzanja monga achitira ana polumpha chingwe. Funde likupita kumtengo nthawi zonse, koma kagwedezeke kake n'kosiyana. Kagwedezeke kameneka ndiko polarization ya kuwala. Kukakhala kwa mzere umodzi timati linear, kukakhala kozungulira bwinobwino timati circular, ndipo pakati pa ziwirizi pali kozungulira mophwatalala ngati dzira, komwe ndi elliptical. Dziralo musaliiwale, nkhani yonse yagona pamenepo.

Tsono chingwe chija chidutse pampata wa mpanda wansungwi. Kugwedeza kotsata mpata kumadutsa, kopingasa kumathera pampandapo. Polarizer imagwira ntchito chimodzimodzi.

Galasi lili ndi khalidwe lina limene silionekera pa kuwala kofooka. Kuwala kukakhala kwamphamvu kwambiri, kumasintha pang'ono refractive index ya galasi limene kukudutsamo, muyezo wa mmene galasilo limachedwetsera kuwala, motero kumadzichedwetsa kokha. Khalidweli limadziwika ndi dzina la John Kerr wa ku Scotland, amene mu 1875 anaona magetsi amphamvu akusintha mmene galasi limadutsitsira kuwala. Kuwala kwa elliptical kuli ngati anthu awiri ozunguza chingwe chimodzi, wina kulowera kumanja, wina kumanzere, koma wina ali ndi mphamvu kuposa mnzake. Popeza mphamvu zawo n'zosiyana, galasi limawachedwetsanso mosiyana, ndipo zotsatira zake n'zakuti dzira lija limatembenuka pamene likuyenda. Mphamvu ikachuluka, kutembenukako kumachulukanso. Kuwala kwa linear, komwe awiriwo ndi ofanana mphamvu, sikutembenuka mwa njira imeneyi m'faiba yopanda zopinga zina. N'chifukwa chake controller yotsatira polarizer ili ndi ntchito imodzi yaikulu: kusandutsa mzere kukhala dzira.

Tiyeni tione manambala, chifukwa ndi amene amandikhutiritsa ine. Faiba wamba ya SMF-28 imasuntha phase ya kuwala, kutanthauza pamene funde lafika m'kugwedezeka kwake, ndi ma radian pafupifupi 1.3 pa watt imodzi pa kilomita imodzi. Kuwala kosalekeza kwa 2 mW kukayenda mamita 10, phase imasuntha ndi 0.00003 radian, zomwe n'chimodzimodzi kunena kuti palibe chachitika. Koma mphamvu yomweyo ikaunjikana mu pulse ya theka la picosecond, nsonga yake imafika pa ma watt 200, ndipo phase imasuntha ndi ma radian oposa 2.5. Kutembenuka kwa dzira ndi gawo chabe la nambala imeneyi, komabe n'kokwanira kuti polarizer isiyanitse nsonga ya pulse ndi mutu komanso mchira wake.

Khomo lake ndi limeneli. Mukutchera makutu kuti kuwala kofooka kufike pa polarizer kutapingasa, gawo lalikulu likanidwe, pamene kuwala kwamphamvu kufike kutatembenuka mokwanira kulowa pampata. Ulendo uliwonse nsonga imadutsa, m'mbali mumasadzulidwa, pulse imafupika. Choncho musamasake pamene laser ikuwala kwambiri. Pamenepo khomo ndi lotsegukira aliyense, ndipo pulse ilibe chifukwa chobadwira.

Chachiwiri: maso anu

Kuwala kwa 980 nm sikuoneka, koma kumadutsa diso mpaka kukapsereza retina, ndipo diso silidziwa kuti liphethire. Kwa 1550 nm kumathera kutsogolo kwa diso, koma nakonso kumavulaza kukachuluka. Valani magalasi oteteza maso olembedwa kuti amatchinga ma wavelength onse awiri. Musasuzumire kunsonga kwa faiba, ngakhale mukuganiza kuti pampu yazima. Pofuna kudziwa ngati kuwala kukutuluka, gwiritsani ntchito kakhadi kamene kamanyezimira kakakhudzidwa ndi infrared. Tizidutswa ta faiba todula muzitiponya m'kabotolo kotseka nthawi yomweyo, chifukwa tikalowa pakhungu sitioneka ndipo n'tovuta kuzula. Pabenchi pasafike chakudya.

Chachitatu: sonkhanitsani zipangizo, muwerengere kutalika

Mufunika pampu ya 980 nm yokhoza kupereka 300 mW kapena kuposerapo, pamodzi ndi driver yake yoyang'anira magetsi ndi kutentha. Mufunikanso WDM ya 980/1550 yolowetsera kuwala kwa pampu mumkombero, faiba ya erbium, coupler ya 90/10 yotulutsira gawo limodzi mwa magawo khumi, ma polarization controller awiri a makutu atatuatatu, ndi isolator ya mtundu wosankha polarization. Pa isolator musalakwitse pogula. Zambiri zimene zili pamsika n'zosasankha polarization, popeza ndi zimene makampani a mafoni ndi intaneti amafuna. Ife tikufuna yosankha, chifukwa ikugwira ntchito ziwiri: kukakamiza kuwala kuyenda mbali imodzi, ndi kukhala mpanda wansungwi uja. Ngati muli ndi yosasankha, onjezerani polarizer ya faiba pafupi nayo.

Kutalika kwa faiba ya erbium kumadalira kuchuluka kwa erbium imene ili m'katimo, komwe wopanga amalemba mu dB pa mita. Yodzaza kwambiri imakwana mita imodzi kapena kucheperapo, yofooka imafuna mamita angapo. Yotsala yonse ikhale SMF-28. Faiba imeneyi pa 1550 nm ili ndi dispersion (kusiyana liwiro kwa ma wavelength osiyana) ya 17 kapena 18 ps pa nm pa kilomita, ya mtundu wa anomalous, ndipo mtundu umenewu ndi umene umagwirizana ndi khalidwe la Kerr kuti pulse isamwazike. Pulse yodzigwira yokha motere ndiyo soliton. Hasegawa ndi Tappert ananeneratu mu 1973 kuti ikhoza kukhalapo m'faiba, ndipo Mollenauer, Stolen ndi Gordon anaiona ku Bell Labs mu 1980. Faiba zina za erbium zili ndi dispersion ya mbali inayo, choncho onetsetsani kuti SMF-28 ndi imene yachuluka.

Yezani chidutswa chilichonse ndi tepi musanalumikize, kuphatikizapo michira ya zipangizo ndi faiba yokulungidwa m'makutu, mulembe m'kope. Kuwala m'faiba kumatenga ma nanosecond 4.9 pa mita iliyonse. Mkombero wa mamita 10 ndiye kuti ulendo umodzi ndi 49 ns, kapena 20.4 MHz. Nambala imeneyi ilembeni pakapepala mumate pa oscilloscope, makina oonetsa pa sikirini mmene mphamvu ikusinthira ndi nthawi. Ndi imene idzakuuzeni ngati chimene mukuona ndi pulse imodzi yeniyeni kapena china.

Makutu aja anawatulukira Hervé Lefèvre mu 1980. Faiba ikapindidwa mozungulira, galasi limapanikizika, ndipo kuwala kogwedezeka motsata mkombero kumayenda pa liwiro losiyana pang'ono ndi kogwedezeka mopingasa. Khutu loyamba ndi lachitatu amakulungidwa kuti akhale ngati quarter-wave plate, yosandutsa mzere kukhala dzira, lapakati ngati half-wave plate, yotembenuza kagwedezeke, motero lapakati limatenga mikombero yowirikiza kawiri ya anzake. Chiwerengero chenicheni chimadalira kukula kwa khutu, ndipo wopanga amapereka tchati chake. Pokulunga musapotokole faiba ndipo musamange zomangira mwamphamvu.

Chachinayi: wotchererani, kenaka mumate zonse pansi

Dongosolo lake ndi ili: WDM, faiba ya erbium, coupler, controller yoyamba, isolator, controller yachiwiri, n'kubwerera ku WDM. Muvi wa pa isolator uloze mbali imene mwasankha kuti kuwala kuziyenda, ndipo coupler iyang'ane mbali yomweyo, apo ayi kotulukira kudzakhala mdima.

Lumikizani ndi splicer, osati ma connector. Ntchito yake ndi yomwe ija amachita amisiri okonza faiba ya intaneti m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre: kusenda chikopa, kupukuta ndi spirit ya isopropyl mpaka galasi lilire kuti tswii, kudula ndi cleaver, n'kuwotcherera. Ngati simunagwirepo splicer, pemphani mmisiri wotere akhale nanu tsiku limodzi, manja ake adzakuphunzitsani zambiri kuposa buku. Pakati pa SMF-28 ziwiri, mfundo yabwino imataya 0.05 dB kapena kucheperapo. Pakati pa SMF-28 ndi faiba ya erbium imataya zochulukirapo chifukwa mitima ya faiba ziwirizi, momwe kuwala kumayenda, ndi yosiyana kukula, ndipo nambala imene splicer imaonetsa pamenepo ndi yongoyerekeza, musaikhulupirire kwambiri.

Chifukwa chokanira ma connector ndi kuwala kobwerera. Nsonga yagalasi yodulidwa mowongoka ikakumana ndi mpweya imabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, ndipo kachigawo kakang'ono kwambiri ka zimenezi kakalowanso mumkombero kamaletsa pulse kuyamba. Kotulukira ikaniko connector yobiriwira ya FC/APC, yomwe nsonga yake ndi yopendekeka madigiri 8. Yobiriwira isakumanitsidwe ndi yabuluu ya nsonga yosapendekeka, zimaswana nkhope. Mwendo wa coupler umene sukugwira ntchito udulidwe mopendekeka kapena ukulungidwe timikombero ting'onoting'ono kuti kuwala kuthawiremo.

Musanatseke mkombero, yatsani pampu pang'ono muyeze ngati kuwala kukudutsa mfundo iliyonse. Mukazimitsa nyali za m'chipinda mudzaona faiba ya erbium ikunyezimira mobiriwira. Kukongola kwake sikunditopetsa, komanso ndi umboni woti pampu yafika.

Tsopano tengani tepi. Chidutswa chilichonse cha faiba chigone pabenchi kapena pathabwa, mikombero yake ikhale yotakasuka, ndipo chimatidwe kuti chisasunthe. Apa ndi pamene ambiri amathamangira, n'kudzalira pambuyo pake. Faiba wamba sisunga polarization. Kupindika kulikonse, kupanikizika kulikonse, ngakhale kupotokoka kwakung'ono, kuli ngati khutu lina losaoneka limene mwaonjezera mumkombero. Mukasiya mchira umodzi ukulendewera, mkono wa malaya anu ukaukhudza, malo amene munasaka kwa maola atatu asamuka. Matani kaye, makutu muwakhudze pambuyo.

Chachisanu: tcherani zoonera

Gawani kuwala kotuluka pawiri. Mbali imodzi ipite ku photodiode, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi, ya InGaAs yothamanga 1 GHz kapena kuposa, yolumikizidwa ku oscilloscope pa 50 ohm. Sikirini ionetse pafupifupi 200 ns, kuti ma pulse anayi akwanemo. Mbali inayo ipite ku optical spectrum analyser, makina oyala kuwala monga utawaleza uyalira kuwala kwa dzuwa. Aikeni kuyambira 1520 mpaka 1600 nm, pa sikelo ya dB, ndipo azisesa mwachangu ngakhale chithunzi chikhale chokhakhala. Makina osesa kamodzi pa masekondi asanu adzakubisirani zonse zimene zachitika dzanja lanu likuyenda. Kuwala kusanafike pa photodiode ikani attenuator, chochepetsera mphamvu ya kuwala. Chifukwa chake muchiona posachedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: phunzirani mkombero wanu usanayambe kuphethira

Kwezani pampu pang'onopang'ono. Poyamba spectrum idzaonetsa chulu chachikulu chophwatalala, chomwe ndi kuwala kwa erbium kosalamulirika. Mukapitirira malire ena, kansonga kakuthwa kadzatumphuka pamwamba pa chulucho. Laser yayamba. Lembani mphamvu ya pampu pamenepo.

Khalani theka la ola mukungoyendetsa khutu limodzi nthawi imodzi, kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, maso ali pa spectrum. Mudzaona mphamvu ikukwera ndi kutsika, penapake laser ikuzimiratu. Mudzaonanso kansonga kaja kakudumpha, mwina kuchoka cha ku 1530 kupita cha ku 1560 nm. Izi zimachitika chifukwa polarizer pamodzi ndi kupindika kwa faiba zimapanga sefa yosankha wavelength: mitundu yosiyana imafika pampanda itatembenuka mosiyana. Lembani makutu amene amazimitsa laser ndi amene amangoisuntha pang'ono. Mapu amenewa ndi a mkombero wanu wokha. Mnzanu atamanga wofanana ndendende, mapu ake adzakhala ena.

Chachisanu ndi chiwiri: kusaka

Kwezani pampu kufika katatu kapena kanayi ka malire munalemba aja. Pulse imabadwa kuchokera ku phokoso la kuwala kosalekeza. Kansonga kamodzi kamwayi kayenera kukhala kokwera mokwanira kuti khomo likakondere, ndipo pampu ikakhala yochepa kansonga kotere sikapezeka.

Pezani pamene laser ikuwala kwambiri, kenaka muchokepo dala. Yendetsani khutu limodzi la controller yoyamba, ya pakati pa coupler ndi isolator, mpaka mphamvu itsike moonekeratu, koma laser isazime. Muli pamtunda wotsetsereka tsopano, pomwe kuwala kofooka kukutaya zambiri. Funso lotsala n'lakuti, kodi kuwala kwamphamvu kukutembenukira kumpata kapena kukuthawa mpata? Pa theka la malo otere kukuthawa, ndipo pulse singabadwe ngakhale mutadikira chaka. Simungadziwe ndi maso, muyenera kuyesa.

Gwirani khutu loyamba la controller yotsatira isolator, ija yopanga dzira. Liyendetseni madigiri awiri kapena atatu, muime, muwerenge mpaka katatu, muyang'ane. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina ya mu labu imene mawuwa amaikwana ngati iyi. Malo amene pulse imayambira akhoza kukhala opapatiza madigiri ochepa chabe, ndiye dzanja lothamanga limawadumpha osadziwa. Mukamaliza ulendo wonse wa khutu limenelo osapeza kanthu, sunthani khutu lina ndi madigiri khumi, mubwerezenso ulendo wa loyamba lija. Musayendetse awiri nthawi imodzi. Mukatero, ngakhale mutapeza chinthu, simudziwa njira yobwererako.

Zizindikiro zimabwera motsatizana, ndipo ndi bwino kuzidziwa zonse.

Choyambirira ndi kunjenjemera. Mzere wa pa oscilloscope umene unali wosalala umayamba kuchita mafunde, ndipo mukayang'anitsitsa mafundewo akubwereza pa 49 ns. Pa spectrum, tsinde la kansonga kaja limayamba kufutukuka ngati siketi. Mwayandikira. Chepetsani mayendedwe a dzanja.

Chachiwiri ndi choopsa. Mwadzidzidzi oscilloscope imaonetsa ma pulse akuluakulu onenepa, otenga ma microsecond, obwera ka masauzande angapo kapena makumi a masauzande pa sekondi. Imeneyi ndi Q-switching: khomo lakana kuwala kwa nthawi, erbium yadzaza mphamvu, kenaka yakhuthula zonse kamodzi. Ikhoza kupsereza photodiode, nkhope ya connector, ngakhale pampu imene ilibe chitetezo ku kuwala kobwerera. Attenuator ija ndi ya nthawi imeneyi. Musakhalitsepo, komanso musathawire kutali, chifukwa Q-switching ikutanthauza kuti khomo layamba kukondera kuwala kwamphamvu. Nthawi zambiri chimene mukufuna chili pafupi pomwepo. Sunthani khutu pang'ono kwambiri mbali imodzi, zikakanika mubwerere mbali inayo.

Chachitatu sichibwera pang'onopang'ono. Spectrum imangoti phwaa, kansonga kaja kasanduka phiri losalala lotambalala ma nanometer angapo, ndipo pa oscilloscope pamaima mizati yofanana msinkhu. Chotsani dzanja. Musakonze kalikonse. Jambulani makutu onse asanu ndi limodzi ndi foni, mulembe mphamvu ya pampu.

Ngati ola latha muli pamtunda wotsetsereka osaona ngakhale kunjenjemera, yesani kugogoda faiba pang'ono ndi chala pakati pa matepi awiri. Kugwedezekako kumabweretsa phokoso limene nthawi zina limayambitsa pulse. Zikakanikabe, vuto silili m'makutu. Fufuzani kuwala kobwerera, mfundo yotaya kwambiri, kapena mkombero wofupika moti kutembenuka sikukukwana. Kuonjezera mamita ochepa a SMF-28 kumathandiza kawirikawiri.

Chachisanu ndi chitatu: tsitsani pampu mpaka itsale imodzi

Yang'anani mizati ija. Mwina mu 49 ns iliyonse muli iwiri, isanu, kapena gulu loyendayenda. Si cholakwika. Khomo la polarization lili ndi malire: mphamvu ikapitirira, dzira limatembenuka mopyola mpata ndipo kuwala kumayambanso kukanidwa. Soliton nayonso ili ndi muyezo wake, pafupifupi 0.1 nanojoule mumkombero wotere. Mukapatsa laser mphamvu yoposa imene soliton imodzi ingasenze, imabala ina.

Tsitsani pampu pang'onopang'ono, milliwatt imodzi kapena ziwiri nthawi imodzi. Ma pulse adzazimirira imodziimodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti otsalawo sasintha msinkhu kwenikweni. Pitirizani mpaka itsale imodzi pa 49 ns iliyonse. Mudzapeza kuti laser ikusunga pulse pa mphamvu yotsika kwambiri kuposa imene inafunika poyambitsa. Mukapyola n'kuitaya, bwererani kumtunda muyambirenso, ndipo ulendo uno muime msanga.

Tsopano werengani spectrum. M'mbali zonse ziwiri za phiri muyenera kuona tinyanga takuthwa, tomwe timayandikana pamene tikutalikira pakati. Timatchedwa Kelly sidebands, potsata S. M. J. Kelly amene anatifotokoza mu 1992. Soliton ikamadutsa pokula ndi potaya ulendo uliwonse imakhetsa kuwala pang'ono, ndipo pa ma wavelength ena kuwala kokhetsedwako kumagwirizana ulendo ndi ulendo. Tinyanga timeneti ndi chidindo choti muli ndi soliton yeniyeni. Koma kansonga kamodzi kopyapyala pamwamba kapena paphewa la phiri ndi nkhani ina: ndi kuwala kosalekeza kumene kukukhalira limodzi ndi pulse. Tsitsani pampu pang'ono kapena sunthani khutu ndi digiri imodzi, kadzachoka.

Photodiode musaikhulupirire yokha. Imaona zinthu za nanosecond, pamene pulse yanu ndi yofupika kuposa pamenepo ka 1,000 kapena kuposa. Ma soliton awiri oyenda mogundizana amaoneka ngati mzati umodzi. Spectrum ndi imene imawaulula, chifukwa phiri limachita mano ngati chipeso. Awiri otalikirana 10 ps amapanga mano otalikirana 0.8 nm. Palinso chinyengo china: phiri lotambalala kwambiri, losalala, lopanda tinyanga, pamodzi ndi mizati yooneka bwino. Kawirikawiri chimenecho ndi mtolo wa tima pulse tosokonekera toyendera limodzi, osati pulse imodzi. Autocorrelator, makina oyezera kutalika kwa pulse, imaonetsa kansonga kopyapyala kokhala pa chulu chachikulu. Ngati muli ndi RF spectrum analyser, yang'ananinso mzere wa 20.4 MHz: ukhale umodzi, wakuthwa, wopanda tiana m'mbali.

Chachisanu ndi chinayi: yezani

Yezani kutambalala kwa phiri pa 3 dB kuchokera pansonga. Pa 1550 nm, nanometer imodzi ndi pafupifupi 125 GHz. Kwa soliton, kutalika kwa pulse kuchulukitsa ndi kutambalala kwa spectrum sikungatsike kuposa 0.315. Phiri la 5 nm ndi 625 GHz, ndiye pulse yake singafupike kuposa 0.5 ps. Pamenepa ndiye kuti ma mode oposa 30,000 a mkombero wanu, kutanthauza mafunde amene amakwana bwino mumkomberomo, otalikirana 20.4 MHz, akuyenda mwa mgwirizano umodzi, ndipo ndicho chimene mawu oti mode-locking amanena. Mukayeza ndi autocorrelator, gawani nambala yake ndi 1.54. Ikatuluka yotalika kuposa mmene spectrum ikunenera, ganizirani faiba ya pakati pa coupler ndi makinawo, chifukwa mamita ochepa a SMF-28 amatambasula pulse yofooka imene yachoka mumkombero.

Wofuna kutsika kwambiri ayenera kusintha mamangidwe. Mu 1993 Tamura ndi anzake ku MIT anafika pa 77 femtosecond (0.077 ps) pophatikiza faiba za dispersion zotsutsana kuti pulse izitambasuka ndi kufupika mu ulendo uliwonse. Khomo lake linali lomweli.

Chakhumi: ionereni polarization ikugwira ntchito

Laser ikakhazikika, chitani zoyesera ziwiri zimene zimaphunzitsa kuposa masamu. Ikani controller ina ndi polarizer kunja, kotulukira, muyang'ane spectrum pamene mukuzitembenuza. Popeza kuwala kumafika pa coupler yathu kusanafike pa isolator, kuwala kotuluka sikunasefedwe, ndipo mudzaona maonekedwe a phiri akusintha, pena pakati pakulowa, pena tinyanga tikukula kuposa phiri. Mukuona ndi maso anu kuti nsonga ya pulse ndi kuwala kofooka koizungulira zili ndi polarization yosiyana.

Kenaka yandikizani chikhatho pamwamba pa mkombero umodzi wa faiba osaukhudza, mudikire. Kutentha kwa dzanja kokha kukhoza kusuntha tinyanga tija, ndipo pa laser imene ili m'mphepete mwa malo ake, kukhoza kuzimitsa pulse. Apa ndi pamene njira imeneyi imafookera. Ndicho chifukwa chake makampani ambiri ogulitsa laser zotere amagwiritsa ntchito faiba yosunga polarization, monga ya PANDA, pamodzi ndi khomo la mtundu wina, kaya SESAM, kalilole wobweza kuwala kwamphamvu kuposa kofooka, imene Ursula Keller anayambitsa ku Bell Labs, kapena mkombero wooneka ngati nambala 8. Koma pophunzira, ine ndimasankha ya makutu, chifukwa chilichonse chimene galasi likuchita chimaonekera poyera.

Vindikirani mkombero wonse ndi bokosi, ngakhale katoni, kuti mphepo ya fani kapena ya pawindo isaufike, makutu okha atsale pofikirika. Zimitsani pampu, muwerenge mpaka khumi, muikwezenso kufika pa mphamvu yoyambitsira ija osakhudza khutu lililonse. Chitani zimenezi kakhumi, mulembe kangati pulse yabwera yokha. Ikabwera kasanu kokha, muli m'mphepete: pezani malire onse awiri a khutu lililonse pamene pulse imatayika, muliike pakati, mumange zomangira zake. Mawa m'mawa, chipinda chisanatenthe, yatsani pampu musanakhudze china chilichonse, muyerekeze spectrum ndi imene munasunga dzulo, ndipo mulembe kutentha kwa chipinda pambali pake.